Khoma Linagwa, Nanga Dziko Likulowera Kuti?

Pa 9 Novembala 1989 anthu a mumzinda wa Berlin anakwera pakhoma lomwe linkagawa mzinda wawo pakati kuyambira mu 1961, nayamba kuligumula ndi nyundo. Amene tinali makanda nthawi imeneyo, kapena tinali tisanabadwe, timangomva kwa akuluakulu kuti wailesi zinalengeza nkhaniyi ngati phwando la dziko lonse. Patangotha zaka ziwiri, mu Disembala 1991, dziko lalikulu la Soviet Union linaphwasuka n'kusanduka mayiko khumi ndi asanu. Nkhondo ya mawu, imene inatha zaka zoposa makumi anayi pakati pa America ndi Soviet Union, inathera pamenepo.

Funso lomwe ndikufuna tikambirane m'nkhani ino ndi lakuti: chiyambire nthawi imeneyo, mayiko amphamvu akamatumiza asilikali, akamapereka chithandizo kapena akamachibweza, amakhala akutsata chiyani? Wina anganene kuti izi n'za anthu andale a kunja, sizikutikhudza. Koma mtengo wa thumba la feteleza, mankhwala a kuchipatala cha boma ndiponso ufulu womwe tili nawo wosankha atsogoleri, zonsezi zinadutsa m'funso limeneli zisanafike pakhomo pathu.

Pamene mbali zinali ziwiri

M'masiku a nkhondo ya mawu, mbali iliyonse inali ndi uthenga wake. A chikomyunizimu ankalonjeza dziko lopanda bwana ndi wantchito, pomwe chuma chidzakhale cha onse. A kuzambwe ankalonjeza ufulu wolankhula, wopembedza ndi wochita malonda. Munthu akafunsa kuti mizinga yonseyi n'chifukwa chiyani, yankho linalipo, kaya loona kaya labodza. Msilikali, kazembe ndi mphunzitsi yemwe ankadziwa kuti akutumikira chiyani ndiponso mdani wake ndani.

Tisanamizane, uthengawo kawirikawiri unali chofunda chabe. Taonani zomwe zinachitika mu 1977. Dziko la Somalia linali bwenzi la Soviet Union, ndipo Ethiopia anakhala zaka zambiri akudalira America. Mayiko awiriwa atayamba kumenyana polimbirana dera la Ogaden, a Soviet anasiya Somalia n'kupita kumbali ya Ethiopia, ndipo pambuyo pake Somalia anatembenukira kwa America. Palibe mlimi wa ku Ogaden amene anafunsidwa. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo udzu wina unali pafupi nafe: nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inathamangitsira kuno anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, amene anadzaza m'maboma ngati Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992.

Komabe m'dziko logawika chotero, kadziko kakang'ono kanali ndi mtengo wake. Dr. Kamuzu Banda anaudziwa bwino mtengowo. Anakana chikomyunizimu poyera, anapalana ubale ndi Taiwan mu 1966 ndiponso ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, ndipo ngongole ya ku South Africa inathandiza kumanga likulu latsopano ku Lilongwe. Mayiko a kuzambwe anamuona ngati mlonda wodalirika. Anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, koma chithandizo chinkabwerabe. Mayi Margaret Thatcher anadzacheza kuno mu 1989, chaka chomwe khoma linagwa, mlakatuli Jack Mapanje ali m'ndende.

Khoma litagwa, mlonda anasowa chomulondera. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Chikatolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, mu Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege, ndipo mu Meyi chaka chomwecho mayiko opereka chithandizo, atakumana ku Paris, anaimitsa chithandizo chonse kupatula cha anthu ovutika ndi njala ndi othawa nkhondo. Bungwe la Public Affairs Committee, lomwe Asilamu anali nawo pamodzi ndi mipingo, maloya ndi amalonda, linakhala pansi ndi boma. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali kusiya tambala wakuda, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinachita chisankho cha zipani zambiri. Kulimba mtima kunali kwa Amalawi eni ake, amenewo tisawalande ulemu wawo. Koma nkhanza zomwe azungu anadzudzula mu 1992 n'zomwezo anazionerera chete mu 1983. Chinasintha sichinali chikumbumtima chawo ayi, koma mapu a dziko.

Mayankho atatu

Anthu ophunzira anayesa kulongosola komwe dziko likulowera. Woyamba kutchuka anali Francis Fukuyama wa ku America, amene mu 1989 analemba kuti mkangano waukulu wa mbiri ya anthu watha, chifukwa demokalase ndi msika waufulu zapambana ndipo palibenso njira ina yopikisana nazo. Pulezidenti George H. W. Bush naye, polankhula pa 11 Seputembala 1990, patangotha mwezi Iraq atalanda Kuwait, analonjeza dongosolo latsopano la dziko, pomwe malamulo adzateteze ofooka kwa amphamvu.

Wachiwiri anali Samuel Huntington, amene mu 1993 anati nkhondo zamtsogolo zidzakhala pakati pa zikhalidwe ndi zipembedzo, ndipo analoza chala makamaka ku Chisilamu ndi ku China. Tibwereranso kwa mkuluyu.

Wachitatu sadziwika kwambiri kuno, koma ine ndimaona kuti ndiye analasa pafupi. Zaki Laïdi, mphunzitsi wa zandale ku France, anatulutsa mu 1994 buku lomwe mutu wake umatanthauza dziko lolandidwa tanthauzo. Mfundo yake inali yakuti mphamvu ndi cholinga zasiyana njira. Mayiko ali ndi zida, ndalama zikuoloka nyanja m'kamphindi, katundu akuyenda kulikonse, koma palibe amene akutha kuuza anthu kuti ulendo wonsewu ukathera kuti. Msika umauza munthu kuti thamanga ungatsale, koma sumuuza chomwe akathamangire.

Izi tinazilawa. Mu Febuluwale 1994 kwacha inasiyidwa kuti msika uziipatsa mtengo, ndipo inagwa kowopsa chaka chisanathe. Chithandizo cha boma pa mtengo wa feteleza chinachotsedwa, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, kaunjika anadzaza m'misika, ndipo mu 1995 kunabadwa bungwe la World Trade Organization loyang'anira malonda a dziko lonse. Zina mwa izi zinathandizadi: mlimi wamng'ono analoledwa kulima fodya wa bale yemwe kale anali wa eni maesiteti okha. Koma bambo wochotsedwa ntchito akafunsa kuti kuvutikaku n'kwa chiyani, ankangouzidwa kuti ndi mmene dziko likuyendera masiku ano. Walira mvula walira matope, inde, koma munthu amapirira matope chifukwa akudziwa kuti kutsogolo kuli chimanga.

Mayeso a Kigali ndi Srebrenica

Lonjezo limayesedwa pa tsiku lovuta. Dongosolo latsopano lija linayesedwa kawiri m'miyezi khumi ndi isanu yokha, ndipo ndikupempha owerenga apirire nane pano, chifukwa nkhani yake ndi yowawa.

Mu Okotobala 1993 asilikali 18 a America anaphedwa mumzinda wa Mogadishu, ndipo boma lawo linatsimikiza zosataya ana ake m'nkhondo za ku Africa zomwe mulibe phindu lake. Patatha miyezi itatu, pa 11 Januwale 1994, mkulu wa asilikali a United Nations ku Rwanda, Roméo Dallaire wa ku Canada, anatumiza uthenga ku New York wochenjeza kuti zida zikubisidwa ndipo mayina a Atutsi akulembedwa kuti adzaphedwe. Anapempha chilolezo cholanda zidazo, koma anamukaniza. Pa 6 Epulo ndege ya pulezidenti inagwetsedwa, kupha kunayamba, ndipo tsiku lotsatira asilikali khumi a ku Belgium anaphedwa. Pasukulu ina ya ntchito zamanja ku Kicukiro, mumzinda wa Kigali, anthu pafupifupi 2,000 anathawirapo chifukwa panali asilikali a United Nations. Pa 11 Epulo asilikaliwo analamulidwa kuchoka, ndipo ambiri mwa anthu aja anaphedwa tsiku lomwelo. Pa 21 Epulo khonsolo ya chitetezo ya United Nations, m'malo moonjezera asilikali, inawachepetsa kuchoka pa 2,500 kufika pa 270. M'masiku 100 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ambiri ndi zikwanje. Ife kuno tinali kalikiliki ndi misonkhano ya chisankho.

Wina anganene kuti Rwanda anali kutali ndi azungu. Nanga Bosnia, amene ali pakati pa Ulaya? Dziko la Yugoslavia litayamba kuphwasuka, Bosnia analengeza ufulu wake mu 1992 ndipo nkhondo inabuka mu Epulo. United Nations inali italetsa kale kugulitsa zida kwa mbali zonse, lamulo looneka lachilungamo papepala, koma asilikali a Chiserbia anali atatenga zida za gulu lankhondo la Yugoslavia, pamene Asilamu a ku Bosnia anali ndi zochepa. Kuletsa onse mofanana kunali ngati kumanga manja a munthu amene akumenyedwa. Mzinda wa Sarajevo unazingidwa pafupifupi zaka zinayi.

Kum'mawa kwa dzikolo kuli tauni yaing'ono ya m'mapiri yotchedwa Srebrenica, komwe anthu zikwizikwi a m'midzi yowotchedwa anathawira. Mu Malichi 1993 mkulu wa asilikali a United Nations, Philippe Morillon wa ku France, anafika kumeneko, amayi anatsekereza galimoto yake, ndipo iye anawalonjeza kuti ali m'manja mwa United Nations. Pa 16 Epulo khonsolo ya chitetezo inalengeza kuti Srebrenica ndi malo otetezedwa. Koma asilikali okwanira kuteteza malowo sanatumizidwe. Pofika Julayi 1995 kunali asilikali mazana ochepa a ku Netherlands, a zida zopepuka, mafuta ndi chakudya zikuwathera.

Pa 11 Julayi 1995 Ratko Mladić analowa m'tauniyo ndi asilikali ake. Ndege za NATO zinapemphedwa, zinabwera mochedwa ndipo sizinachite kanthu kooneka. Anthu oposa 20,000, makamaka amayi, ana ndi okalamba, anathamangira kumsasa wa asilikali a United Nations ku Potočari. Amuna oposa 10,000 anauyamba ulendo wa m'nkhalango wa makilomita pafupifupi 100 kulowera ku Tuzla, ndipo ambiri anagwidwa m'njira. Ku Potočari amuna ndi anyamata analekanitsidwa ndi amayi awo asilikali a zipewa zobiriwira akuona. Amayi anakwezedwa m'mabasi. Amuna anatengedwa kupita m'masukulu, m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'minda, ndipo m'masiku ochepa oposa 8,000 anawomberedwa.

Mphamvu yoletsa zimenezi inalipo. Umboni wake ndi wakuti kumapeto kwa Ogasiti, bomba litaphanso anthu pamsika ku Sarajevo, NATO inaphulitsa malo a asilikali a Chiserbia kwa masabata ochepa, ndipo pofika Novembala mbali zonse zinali patebulo ku Dayton. Ndege zinali zomwezo mu Julayi. Chomwe chinasowa ndi chifukwa chokwanira choti mtsogoleri wa ku London, Paris kapena Washington auze makolo a m'dziko lake kuti mwana wanu akafere anthu a ku Srebrenica. M'masiku a nkhondo ya mawu akanati akukaletsa chikomyunizimu. Mu 1995 analibe mawu oti anene, ndipo anasankha kudikira. Kumadrasa timaphunzitsa ana kuti ntchito imayamba ndi niya. Mayikowa anali ndi manja ndi zipangizo, koma niya inalibe mwini.

Kufuna mdani watsopano

Tibwerere kwa Huntington. Anthu ambiri, Asilamu ena ali momwemo, anaona Bosnia n'kunena kuti mkuluyu ananena zoona: Akhristu akupha Asilamu. Ine sindikugwirizana nazo, ndipo zifukwa zake zili m'nkhani zomwe tangoonazi. Ku Rwanda opha ndi ophedwa ankalankhula chinenero chimodzi, ndipo ambiri ankapemphera m'tchalitchi chimodzi. Nkhondo ya Iran ndi Iraq, kuyambira 1980 mpaka 1988, inali ya Asilamu okhaokha, chimodzimodzi kulandidwa kwa Kuwait. Ndege zomwe zinathetsa kuzingidwa kwa Sarajevo, ndi zomwe zinamenya Serbia chifukwa cha Kosovo mu 1999, zinali za mayiko omwe Huntington anati ndi adani a Chisilamu. Ndipo pakati pa oteteza Sarajevo panali Aserbia ndi Akroatia amene anakana kusiya anansi awo.

Kuopsa kwa maganizo a Huntington n'kwakuti ndi okoma kwa munthu wosowa cholinga. Kukhala ndi mdani kumapeputsa moyo: sufunikanso kufunsa kuti ukumanga chiyani, umangofunsa kuti ukugwetsa yani. Pa 11 Seputembala 2001, zaka khumi ndi chimodzi ndendende chilankhulire Bush wamkulu za dongosolo latsopano, zigawenga za al-Qaeda zinapha anthu pafupifupi 3,000 ku America. Zigawengazo nazo zinkakhulupirira kuti dziko lagawika pawiri ndipo pakati palibe malo, chimodzimodzi ena mwa amene anazibwezera. Nkhondo yolimbana ndi uchigawenga inakhala cholinga chatsopano cha mayiko amphamvu. Iraq anathiridwa nkhondo mu 2003 pa chifukwa cha zida zoopsa zomwe sizinapezeke, ndipo ku Afghanistan asilikali a America anachoka mu Ogasiti 2021 atakhalako zaka makumi awiri, n'kusiya dziko m'manja mwa a Taliban omwe anawachotsa mu 2001.

Cholinga cha manambala

Kunena chilungamo, panali kuyesa kwina kwabwinopo. Mu Seputembala 2000 mayiko 189 anagwirizana ku New York za kuchepetsa umphawi, ndipo pamenepo panatuluka zolinga zisanu ndi zitatu zoti zikwaniritsidwe pofika 2015: ana apite kusukulu, amayi asafe pobereka, Edzi ndi malungo zichepe. Ena ankaseka kuti awa ndi manambala chabe opanda mzimu. Koma amene anaika maliro m'zaka za m'ma 1990, pamene amisiri a mabokosi ankachulukana m'mbali mwa misewu ya m'tauni, sangaseke. Thumba la Global Fund linakhazikitsidwa mu 2002, America anayambitsa PEPFAR mu 2003, ndipo kuchokera mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala zathu. Mu 2006 gawo lalikulu la ngongole zakunja za Malawi linakhululukidwa. Aphunzitsi, anamwino ndi makolo ambiri amene akanamwalira ali moyo mpaka lero. Mu 2005 atsogoleri a mayiko anavomerezanso kuti boma likalephera kuteteza anthu ake kwa opulula mtundu, dziko lonse lili ndi udindo wolowererapo. Kofi Annan, amene ankayang'anira asilikali osungitsa mtendere nthawi ya Rwanda ndi Srebrenica ndipo mu 1999 anavomera poyera kulephera kwa United Nations, ndiye anakankha kwambiri mfundo imeneyi.

Koma cholinga chomwe chimadalira chifundo cha wolemera chili ngati mame. Mfundo ya udindo woteteza inagwiritsidwa ntchito ku Libya mu 2011, ntchito inathera pa kugwetsa boma, ndipo Russia ndi China anati sadzavomeranso, anthu a ku Syria n'kulipira mtengo wake. Mliri wa Covid-19 utabwera, mayiko olemera anagula katemera wochuluka kuposa anthu awo, ndipo wina amene anafika kuno anali atatsala pang'ono kutha mphamvu, kotero kuti mu Meyi 2021 boma linawotcha katemera woposa 19,000. Russia atathira nkhondo Ukraine mu Febuluwale 2022, mlimi wa ku Machinga amene sanamvepo za Kyiv anaona feteleza ndi mafuta ophikira zikukwera mtengo. Mu 2025 boma la America linatseka bungwe lake la USAID, ndipo ntchito zambiri za umoyo mu Africa zinaima mwadzidzidzi. Dziko lasandukadi mudzi umodzi pa nkhani ya matenda ndi mitengo ya zinthu, koma ndi mudzi womwe maliro akagwa, ena amapitiriza kulima.

Tsopano akuti mbali zikubwereranso, America uku, China uko. Ife tinasiya Taiwan n'kupalana ubale ndi China kumapeto kwa 2007, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe, yomwe inatsegulidwa mu 2010, anamanga ndi iwowo. Mwina kadziko kakang'ono kapezanso mtengo wake. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno palibe mbali imene ikudzivutitsa kulonjeza dziko labwino kwa onse. Akukambirana za migodi, madoko ndi misika, basi.

Ku Potočari

Opha anthu a ku Srebrenica atazindikira kuti manda awo aonekera pa zithunzi zojambulidwa kumwamba, anabwerera ndi makina okumbira m'miyezi ya Seputembala ndi Okotobala 1995, nafukula mitembo n'kukaikwirira m'maenje ena akutali. Chifukwa cha ichi mafupa a munthu mmodzi amapezeka m'manda awiri, atatu kapena kuposa. Akatswiri akhala akuyeza DNA ya mafupawo n'kuiyerekeza ndi magazi a achibale otsala, ndipo mwa njira imeneyi anthu pafupifupi 7,000 adziwika mayina. Chaka chilichonse pa 11 Julayi, amene adziwika kumene amaswaliridwa janaza n'kuikidwa m'manda a ku Potočari, moyang'anizana ndi msasa uja. Pali amayi amene anadikira zaka zambiri akukana kuika mafupa ochepa, poyembekeza kuti ena apezeka, ndipo ena anamwalira akudikirabe.

Amayi amenewa ndiwo sanalole kuti nkhaniyi ife. Radovan Karadžić anagwidwa mu 2008 ndipo Mladić mu 2011, onse anapezeka olakwa pa mlandu wopulula mtundu kukhoti la ku The Hague, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Boma la Netherlands linatula pansi udindo mu 2002 lipoti la Srebrenica litatuluka. Amayiwo analisumiranso, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma lili ndi gawo la mlandu pa imfa ya amuna pafupifupi 350 amene anatulutsidwa mumsasa, koma linati gawolo ndi limodzi mwa magawo khumi, poti mwayi woti akanapulumuka unali wochepa chotero.

Pa 23 Meyi 2024 msonkhano waukulu wa United Nations unavota kuti 11 Julayi likhale tsiku lokumbukira kupululidwa kwa anthu a ku Srebrenica. Mayiko amene anabweretsa pempholi anali Germany ndi Rwanda. Mayiko 84 anavomera, 19 anakana, ndipo 68 anasankha kusavota mbali iliyonse.